Amosi wa ku Tekowa: mafunso ndi mayankho pa mneneri wosanyengerera

Buku la Amosi lili ndi mitu 9 yokha. Mutateleka nyemba n'kuyamba kuliwerenga, mungalimalize zisanafewe n'komwe. Komabe ambiri timadziwamo vesi imodzi, ija ya chilungamo choyenda ngati madzi, ndipo mwini mawuwo sitimudziwa. Awa ndi mafunso amene amabuka kawirikawiri kumilaga, kumiphakati ndi pa maphunziro a Baibulo bukuli likatsegulidwa.

Kodi Amosi anali yani?

Anali wa ku Tekowa, mudzi wa m'mapiri a ku Yuda, kummwera kwa Betelehemu. Kuchokera ku Yerusalemu ndi makilomita osakwana 20. Mwini wake ananena kuti ntchito zake zinali ziwiri: kuweta ziweto ndi kusamala mikuyu. Mkuyu wake ndi womwewu timaudziwa kuno, wobala nkhuyu zambirimbiri m'nthambi zikuluzikulu. Kumeneko ankazicheka pang'ono zikadali zaziwisi kuti zipse msanga, ndipo zinali chakudya cha anthu wamba. Mikuyu imakonda kuzigwa kotentha, osati kumapiri ngati ku Tekowa, choncho ntchitoyi inkamuyendetsa. N'kutheka kuti m'maulendo amenewa ndi m'mene anaonera misika ndi mabwalo a milandu amene amawafotokoza ngati munthu woti anaimapo.

Ambiri timamuyerekeza ngati mbusa wosauka wa ndodo m'manja. Mwina anali wotero. Koma liwu la Chihebri limene lili pa vesi yoyamba ya bukuli limapezekanso pa 2 Mafumu 3:4, pofotokoza Mesa, mfumu ya Mowabu, yemwe anali ndi nkhosa zankhaninkhani. N'chifukwa chake akatswiri ena amati Amosi anali mwini khola, osati waganyu. Kwa ine, mkanganowu si waukulu. Chachikulu n'chakuti nsima yake sinkachokera kukachisi kapena kunyumba ya mfumu, ndipo mfundo imeneyi tikumana nayonso kutsogoloku.

Analalikira liti, ndipo kuti?

Nthawi ya Uziya mfumu ya Yuda ndi Yerobowamu wachiwiri mfumu ya Israele, cha m'ma 760 mpaka 750 Khristu asanabadwe. Kumbukirani kuti Solomoni atamwalira ufumu unagawika pawiri: Yuda kummwera, likulu lake Yerusalemu, ndi Israele kumpoto, kumene pambuyo pake likulu linadzakhala Samariya. Amosi anali wakummwera koma anakalalikira kumpoto. Akuluakulu amati mlendo ndi amene abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sikuti eni mudzi amakondwa nako kalumoko.

Bukuli limawonjezera kuti panali patatsala zaka ziwiri kuti kuchitike chivomezi. Chinali chachikulu moti mneneri Zekariya (14:5) ankachitchulabe patapita zaka mazana angapo, ndipo ofukula za makedzana anapeza makoma opendekeka a nthawi imeneyo mumzinda wa Hazori. Ambiri amamutenga Amosi ngati mneneri woyamba amene mawu ake anasonkhanitsidwa m'buku la dzina lake, patsogolo pa Hoseya, Yesaya ndi Mika.

Dziko linali pa mavuto otani kuti alankhule mowawa chonchi?

Chodabwitsa chake n'chakuti poyang'ana pamwamba panalibe vuto. Yerobowamu wachiwiri analamulira zaka 41, anabweza malire amene Israele anataya kale, ndipo Asiriya, mdani woopsa, anali wotanganidwa ndi zake. Ngakhale Yona mwana wa Amitai, yemwe uja wa chinsomba, analosera za kukula kwa malireko (2 Mafumu 14:25). Malonda ankayenda, kachisi ankadzaza. Wina aliyense akanati Mulungu wadalitsa.

Amosi anayang'ana kuti chumacho chikuchokera kuti. Ndipo sanangoti "muli uchimo m'dziko muno" ngati mmene timachitira ife tikafuna kuti wina asakhumudwe. Anatchula zinthu mayina. Munthu wosalakwa akugulitsidwa ndi siliva, mmphawi akugulitsidwa chifukwa cha ngongole ya mtengo wa nsapato. Anthu akugonera zovala za chikole pafupi ndi guwa la nsembe, chikhalirecho lamulo la pa Eksodo 22 limati chovala cha chikole chibwezedwe dzuwa lisanalowe, popeza ndicho chofunda cha mwini wake usiku. Vinyo wogulidwa ndi ndalama za chindapusa akumwedwa m'nyumba ya Mulungu. Pachipata cha mzinda, pomwe panali pabwalo la milandu, oweruza akulandira ziphuphu ndipo wonena zoona akudedwa. Alimi akulandidwa tirigu, olandawo akumanga nyumba za miyala yosema.

Anthu olemera anali ndi nyumba ya nyengo yozizira ndi ina ya nyengo yotentha, ankagona pa mabedi okongoletsedwa ndi minyanga ya njovu, ankadya ana a nkhosa ndi ana a ng'ombe onenepa, vinyo ankamwera m'mbale zikuluzikulu. Wina angaganize kuti mbusayu ankakokomeza, koma ofukula pansi ku Samariya m'zaka za m'ma 1930 anapezadi zidutswa mazanamazana za minyanga yosemedwa mwaluso. Onaninso bwino pa 6:6: mlandu si kudya bwino kokha ayi, koma kuti kuwonongeka kwa abale awo sikunkawapweteka mumtima.

Ndime imene imandigwira kwambiri ndi ya amalonda pa mutu 8. Akupembedza ndithu, Sabata akulisunga, koma mtima uli m'mwamba: litha liti Sabatali kuti titsegule nkhokwe? Akatsegula, muyeso wogulitsira auchepetsa, mwala woyezera ndalama za wogula aukulitsa, sikelo aikhotetsa, mungu wa tirigu ausesa n'kuugulitsa pamodzi ndi tirigu. Aliyense amene anagulitsako chimanga kapena soya pa sikelo yokayikitsa sasowa womumasulira vesi imeneyi.

Anatani kuti anthu amumvere, poti anali mlendo?

Apa m'pamene munthu amavula chipewa. Werengani mutu 1 ndi 2 mokweza mawu, mukudziyesa muli m'khamu la anthu a ku Israele.

Akuyamba ndi Damasiko, adani akalekale, amene anapuntha anthu a ku Giliyadi ngati tirigu ndi zopunthira zachitsulo. Khamu likugwedeza mutu. Kenako Gaza ndi Turo, ogulitsa midzi yathunthu mu ukapolo. Edomu, wothamangitsa mbale wake ndi lupanga. Amoni, wotumbula amayi oyembekezera pofuna kukulitsa malire. Mowabu, wotentha mafupa a mfumu ya Edomu. Uliwonse akuuyamba ndi mawu omwewo, akuti chifukwa cha zolakwa zitatu, ngakhale zinayi, chilango sichibwezedwa. Apa nkhani yakoma, ndipo ena mwina ayamba kuvomereza mokweza. Wachisanu ndi chiwiri ndi Yuda, kwawo kwa mlalikiyo. Ha, mwamuna uyu sakondera, wadzudzula ndi kwawo komwe! Ndipo poti kwa iwo 7 inali nambala yosonyeza kuti chinthu chakwanira, womvera akanaganiza kuti ulaliki watha.

Sunathe. Wachisanu ndi chitatu ndi Israele, ndipo mlandu wake ndi wautali kuposa yonse ija. Anthu amene avomereza kasanu ndi kawiri kuti Mulungu amalanga nkhanza alibenso pothawira. Choluma kwambiri n'chakuti mitundu yachilendo ija akuiimba mlandu wa nkhanza za kunkhondo, zochitira alendo, pomwe Israele nkhanza zake akuchitira anthu ake omwe, nthawi ya mtendere, kudzera m'ngongole ndi m'mabwalo a milandu.

Natani anachitanso chimodzimodzi kwa Davide ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa: anamulola kuti agamule yekha mlandu asanadziwe kuti ndi wake.

Kodi n'zoona kuti ankadana ndi mapemphero ndi nyimbo?

Mawu a pa 5:21-23 ndi olemetsa: Mulungu akuti amadana ndi zikondwerero zawo, nsembe zawo saziyang'ana, phokoso la nyimbo zawo alichotse pamaso pake. Pa 4:4 akuchita kuwanyogodola ngati woitanira anthu kumapemphero, akuti bwerani ku Beteli mudzachimwe, ku Giligala mudzawonjezere (awa anali malo awo opembedzerako). Koma vuto silinali nyimbo. Vuto linali lakuti manja omwewo okwezedwa m'kachisi ndi amene dzulo lake analanda munda wa mmphawi, ndipo chipembedzocho chinkawapatsa mtendere wa mumtima umene sankayenera kukhala nawo.

Vesi yotchuka ija ikubwera pomwepa. Chilungamo chimene akupempha akuchifanizira ndi mtsinje wosaphwa. M'dziko limenelo makwawa ambiri amasefukira mvula ikagwa, chilimwe n'kukhala mchenga wokhawokha. Iye sakufuna chilungamo cha khwawa, chooneka pa chikondwerero chokha, koma cha mtsinje woti munthu akapita mwezi uliwonse akatunga.

Anawasokonezeranso chiyembekezo chawo. Ankalakalaka "tsiku la Yehova" poganiza kuti ndi tsiku logwa adani awo. Iye anati lidzakhala la mdima: ngati munthu wothawa mkango n'kukumana ndi chimbalangondo, wafika m'nyumba, watsamira khoma kuti apume, njoka n'kumuluma dzanja.

Nanga kutchula amayi kuti "ng'ombe za ku Basani" si chipongwe chimenecho?

N'chipongwe ndithu, tisachite kuchipaka mafuta. Basani linali dera la msipu wabwino kum'mawa kwa Nyanja ya Galileya, lotchuka ndi ng'ombe zonenepa. Mawuwa akupita kwa amayi olemera a pa phiri la Samariya, opondereza amphawi, ouza amuna awo kuti abweretse zakumwa. Sakunyoza akazi onse, ndipo mbali yaikulu ya bukuli ikukalipira amuna: oweruza, amalonda, ansembe, akuluakulu. Mfundo yake ndi yakuti wodya za kuba ali nawo mlandu ngakhale sanapite yekha kukaba. Komabe mlaliki amene angatole vesi imeneyi kuti akanyozere amayi a mumpingo mwake aziona bwino. Amosi ankalankhula kwa anthu amene akanatha kumumangitsa, osati kwa anthu omuopa.

Chinachitika n'chiyani pakati pa iye ndi wansembe Amaziya?

Nkhaniyi ili pa 7:10-17, ndipo ndi malo okhawo m'bukuli pamene tikumuona Amosi maso ndi maso ndi munthu wina. Beteli sanali kachisi wamba. Yerobowamu woyamba anaikako fano la mwana wa ng'ombe lagolide kuti anthu ake asamapite ku Yerusalemu, choncho kuyambira pachiyambi anali malo a chipembedzo ndi ndale pamodzi. Amaziya ndiye anali wansembe wa pamenepo.

Choyamba anatumiza uthenga kwa mfumu: Amosi akukukonzerani chiwembu, dziko silingathe kupirira mawu ake. Onani kuti sananene kuti mawuwo ndi abodza. Anawasandutsa mlandu woukira boma. Anawapotozanso pang'ono. Amosi anati lupanga lidzagwera banja la Yerobowamu, Amaziya anakanena kuti Yerobowamu mwiniwakeyo adzafa ndi lupanga.

Kenako anamuuza Amosi kuti athawire kwawo ku Yuda, azikadya kumeneko, azikanenera kumeneko, koma ku Beteli asayerekezenso, chifukwa ndi malo opatulika a mfumu ndi kachisi wa ufumu. M'mawu ochepawa Amaziya anadziulula kawiri. Anaonetsa kuti kwa iye uneneri ndi ntchito yodyera, ndipo Amosi wangolakwitsa msika. Anaonetsanso kuti kachisiyo mwini wake ndi mfumu, dzina la Mulungu osalitchula n'komwe.

Yankho la Amosi ndi limene limachititsa ambiri kumukonda. Anati iye si mneneri kapena mwana wa mneneri, ndiye kuti si wa m'gulu la aneneri odyera pa ntchitoyo. Ndi woweta ziweto ndi wosamala mikuyu, Yehova anachita kumutenga akutsata nkhosa n'kumuuza kuti apite. Munthu wotere simungamuopseze pomulanda ntchito, chifukwa ntchito yake ili kukhola.

Koma tisadumphe vesi yomaliza. Anauza Amaziya kuti mkazi wake adzasanduka wachiwerewere mumzinda, ana ake adzaphedwa, munda wake udzagawidwa, iye adzafera kudziko lachilendo. Ndi mawu oti ukawerenga umatsonya. Akufotokoza zimene zinkachitikira banja la munthu wamkulu mzinda ukagwa m'manja mwa adani, koma kudziwa zimenezi sikuwafewetsa.

Ndiye kuti analibe chifundo?

Amene amatero sanafike pa chiyambi cha mutu 7. Mulungu anamuonetsa dzombe likudya mbewu zophuka pambuyo poti gawo la mfumu lamwetedwa, kutanthauza kuti zowonongekazo zinali za anthu wamba. Amosi anachonderera: Ambuye khululukani, Yakobo (ndiye kuti Israele) adzalimba bwanji, poti ndi wamng'ono? Mulungu analeka. Anamuonetsanso moto, anachondereranso, Mulungu analekanso. Munthu yemwe pabwalo ankaoneka ngati wouma mtima, kuseri ankawapempherera anthu omwewo, ndipo iwo sankadziwa. Ena ankaona ufumu wamphamvu wa malire otambasuka, iye ankaona kamwana kosalimba.

Pa masomphenya achitatu, a chingwe choongolera khoma, sanapemphenso. Pa achinayi anaona dengu la zipatso zakupsa. M'Chihebri liwu la zipatso za m'chilimwe limamveka pafupifupi ngati liwu lakuti mathero, choncho uthenga wake unali wakuti zapsa, nthawi yakwana. Mutu 5 nawo akuuyamba ndi nyimbo ya maliro, kulira Israele ngati namwali wagwa osadzukanso, maliro a anthu amene anali kumumvera ali moyo. M'mutu womwewo akubwereza kuti funani Yehova kuti mukhale ndi moyo. Woti wataya anthu sawalira ndipo sawaitana. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Bukuli limatha ndi lonjezo: msasa wakugwa wa Davide udzadzutsidwa, wolima adzapezana ndi wokolola. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mavesi omalizawa anawonjezedwa pambuyo pake, ena amati ndi a Amosi yemwe.

Zimene ananena zinachitikadi?

Yerobowamu anamwalira ali pampando, ndipo oseka Amosi ayenera kuti anaseka kwambiri. Koma mwana wake Zekariya analamulira miyezi 6 yokha, Salumu n'kumupha, banja lachifumu lija n'kuthera pomwepo. Mu 745 Tigilati-Pilesere wachitatu anatenga ufumu wa Asiriya n'kuyamba kuloza kumadzulo. Damasiko anagwa mu 732, ndipo madera a Galileya ndi Giliyadi analandidwa nthawi yomweyo. Samariya anagwa cha mu 722 atazingidwa zaka zitatu. Zolemba za Sarigoni wachiwiri, mfumu ya Asiriya, zimadzitama kuti anatenga anthu oposa 27,000. Kuchokera pa ulaliki wa ku Beteli panali patapita zaka 30 kapena 40 basi, moti achinyamata amene anamumva anaziona ndi maso.

Iye anali atafotokoza kale "chipulumutso" chake mwa chiweto. Mkango ukagwira nkhosa, mbusa ankatola zotsala, miyendo iwiri kapena kachidutswa ka khutu, kuti akaonetse mwini ziweto kuti sanabe. Anati Israele adzapulumuka motero.

Vesi yotchula Akusi (9:7) ikutanthauza chiyani? Ikunyoza anthu akuda?

Ayi. Kusi linali dziko la kummwera kwa Igupto, m'dera la Sudan wa lero, ndipo Mabaibulo ena amalemba kuti Aitiopiya. Mulungu akufunsa Aisraele ngati kwa Iye sali chimodzimodzi ndi Akusi, kenako akuti: ndinakutulutsani ku Igupto, inde, koma Afilisti ndinawatulutsanso ku Kafitori ndi Aaramu ku Kiri. Wotsitsidwa pano ndi Israele, amene ankayesa kuti ulendo wa ku Igupto ndi chikalata chomuteteza mpaka kale. Mulungu akuti mitundu yakutali, ngakhale adani anu, nayonso ndimaiyendetsa ndine. Zikugwirizana ndi 3:2, pamene akuti inu nokha ndinakudziwani mwa mabanja onse a pa dziko, n'chifukwa chake ndidzakulangani. Womvera ankayembekezera kuti chiganizocho chitha ndi madalitso.

Munthu wolankhula mokalipa aliyense ndi Amosi?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onsewa, chifukwa anthu amwano amakonda kubisala kumbuyo kwa aneneri. "Ine ndimangonena chilungamo" ndi mawu amene amatchulidwa kawirikawiri ndi munthu amene wangotukwana mnzake.

Muyeseni ndi Amosi yemweyo. Iye ankalankhula kwa amphamvu, pakhomo pawo, osati kwa ofooka kapena kumbali. Sanapindule kanthu, anangopitikitsidwa. Sanasiye kwawo podzudzula. Milandu yake inali yoti munthu atha kupita pamsika n'kukaiona. Anakana udindo wa uneneri m'malo moulimbirana. Ndipo analira. Wokalipa amene akuoneka kuti zikumukomera, ameneyo ndimamukayikira.

Pali msampha winanso, ndipo ine ndagwamo kangapo. Tikamawerenga, timadziika pa malo a Amosi, Amaziya n'kukhala m'busa wa mpingo wina kapena wandale amene sitimufuna. Koma amene anamumva Amosi koyamba anali anthu opemphera, opereka chakhumi, oimba bwino, amene ankavomereza mokweza pamene ankadzudzula Damasiko. Mwa onse a m'bukuli, amenewa ndi amene timafanana nawo kwambiri. Amene ali ndi wantchito wapakhomo yemwe malipiro ake achedwa miyezi iwiri awerenge mutu 8 asanautumize kwa wina.

Ndani ena anagwiritsa ntchito mawu ake?

Stefano anatchula Amosi 5 pa mlandu wake asanaponyedwe miyala (Machitidwe 7). Yakobo, mtsogoleri wa mpingo woyamba, anatchula Amosi 9 pa msonkhano wa ku Yerusalemu posonyeza kuti anthu a mitundu ina ali ndi malo mumpingo (Machitidwe 15). M'nthawi yathu ino, Martin Luther King Jr. ananena vesi ya chilungamo choyenda ngati madzi pamaso pa khamu la anthu ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, pomenyera ufulu wa anthu akuda a ku America. Ambiri anaidziwira kumeneko vesiyi, osadziwa kuti ndi ya woweta nkhosa.

Kodi ndi yemweyo bambo wa Yesaya?

Ayi. Bambo wa Yesaya ndi Amozi. Mayinawa amamveka mofanana kwa ife, koma m'Chihebri amalembedwa mosiyana.

Anathera kuti Amosi?

Baibulo limangomusiya atamuyankha Amaziya. Silinena ngati anachoka ku Beteli tsiku lomwelo, kapena ngati mfumu inayankha uthenga uja. Nkhani ina yakale, yolembedwa patapita zaka mazana ambiri ndipo si ya m'Baibulo, imati Amaziya ankamuzunza, mwana wa Amaziyayo anamumenya ndi chibonga pamutu, ndipo anafika kwawo ali wefuwefu n'kumwalira patapita masiku ochepa. Ambiri amaganiza kuti anabwerera ku Yuda, ndipo kumeneko iye kapena omutsatira anasunga mawu ake. Chooneka n'chakuti mawuwo anapulumukira kummwera: Samariya atagwa, alembi a ku Yuda ndi amene anapitiriza kuwakopera. Mabwinja a Tekowa wakale akadalipo mpaka lero, pafupi ndi mudzi wa Tuqu', kummwera chakum'mawa kwa Betelehemu.